Mwakopera DVD ya ukwati pa kompyuta, koma mwadziwa bwanji kuti yonse yalowa?

Kwathu ku Chilomoni kuli katoni ya nsapato yodzadza ndi ma DVD, ukwati wa achemwali, chinkhoswe cha msuweni, kwaya ya amayi, maliro a agogo, mpaka ka graduation kanga kamene sindifuna munthu aziwonera. Madisiki ena atayamba kudumphadumpha ndinati basi ndizisamutsire pa hard drive zisanatheretu, ndiye ndi m'kati mwa ntchito imeneyi momwe ndinaphunzira kuti kukopera n'kosavuta, chovuta n'kudziwa ngati zomwe wakoperazo zili zonse. Fayilo imatha kuoneka bwinobwino, dzina lilipo, saizi ndi yaikulu, ukaitsegula ikuyamba bhobho, koma ukafika pa perekaniperekani chithunzi n'kungoima njii, kenako kudumpha mpaka anthu akubalalika. Ine zinandichitikira ndi ya achemwali, ndipo mwayi wake disiki ndinali ndisanataye.

Musanasankhe njira, dziwani kuti pali mafunso awiri osiyana omwe anthu timawasakaniza. Loyamba ndi lakuti kodi kompyuta yawerenga disiki yonse molondola? Lachiwiri ndi lakuti kodi fayilo yomwe ndinasunga ija idakali momwe inalili, kapena yawonongeka ili pa fulashi? Njira zina zimayankha loyamba lokha, zina lachiwiri lokha, ndipo anthu ambiri amagwa chifukwa agwiritsa njira ya funso lachiwiri n'kumaganiza kuti ayankha loyamba.

Tiyambe ndi yomwe aliyense amachita, kungoitsegula n'kuwonera. Sindikuinyoza ayi, chifukwa pali zinthu zomwe maso okha ndi amene angagwire, ngati mawu akutsalira m'mbuyo pakamwa pakuyenda, kapena pulogalamu yakopera gawo lolakwika mwatenga ka intro ka studio m'malo mwa ukwati weniweni. Vuto ndi lakuti VLC, pulogalamu yowonera vidiyo ija, ndi wochenjera kwambiri, akapeza pobowoka amangodutsapo osakuuzani, mwina muona timabokosi tobiriwira kwa sekondi imodzi ndipo ngati munayang'ana pafoni nthawi imeneyo ndiye basi zakudutsani. Komanso ndani ali ndi nthawi yowonera maola atatu a malankhulidwe a ankhoswe pa disiki iliyonse? Tonse timangokoka ka mzere kaja, kuona poyamba, pakati, n'kutseka. Kukoka chonchi sikuwerenga fayilo yonse. Ngati mwasankha kuwonera basi, bola muyambe ndi kumapeto. DVD imalembedwa kuchokera pakati kupita kunja, ndipo m'mphepete kunjako ndi komwe kumagwidwa ndi zala, kumakalika, komanso madisiki otchipa aja ankabenedwa mothamanga nthawi zambiri amayamba kufooka komweko. Ndiye pa disiki wamba ya 4.7 GB chomwe chimayamba kutayika ndi mathero a mwambo. Pa yamaleya awiri ya 8.5 GB ndi zosiyana pang'ono, ma DVD a vidiyo ambiri leya yachiwiri imabwerera kuchokera kunja kupita mkati, ndiye m'mphepetemo ndi chapakati pa filimu, pomwe imasinthira leya.

Kuyerekeza saizi ndiyo yachangu kuposa zonse, ndipo ndi yofooka kuposa zonse. Mumadina Properties pa foda ya VIDEO_TS, momwe mumakhala mafayilo a vidiyo a DVD, ya pa disiki ndi ya pa kompyuta n'kuona ngati ma byte akufanana ndendende, osati ma GB ozungulizidwa aja, komanso muziona pa Size osati Size on disk. Musadabwe Windows ikamaonetsa pafupifupi 4.37 GB pa disiki yolembedwa 4.7, palibe wakuberani, ndi kawerengedwe chabe. Njirayi imagwira zinthu zoonekeratu, magetsi anathima kukopera kuli pakati, kapena fayilo imodzi ya vidiyo, yomwe amati VOB, yatsala poti DVD imadula vidiyo m'zidutswa zosapitirira 1 GB, kapenanso fulashi ndi ya FAT32 yomwe siilandira fayilo imodzi yoposa 4 GB ndiye ISO, yomwe ndi fayilo imodzi yokhala ndi kope ya disiki yonse, singalowe. Koma fayilo yodzadza ndi maziro imalemera chimodzimodzi ndi fayilo yabwino. Thumba la mchenga ndi thumba la shuga pa sikelo n'chimodzimodzi.

Pali kachinyengo kena kakang'ono kamene ndimakakonda. Mu VIDEO_TS fayilo iliyonse ya IFO, yomwe imauza pleya momwe vidiyo yayalidwira, ili ndi mnzake wa BUP, ndipo BUP ndi kope yeniyeni ya IFO, anaikamo dala kuti imodzi ikakalika inzake igwire ntchito. Ndiye ngati awiriwa akusiyana pa kope yanu, dziwani kuti penapake zinalakwika. Sizikuuzani za vidiyo yonse koma ndi chizindikiro chaulere.

Tsopano Verify ya mu pulogalamu yobenera. Ambiri kuno omwe anagwirapo ntchito m'ma shopu obena nyimbo ku Limbe kapena ku Ndirande amaidziwa ImgBurn, yaulere, yakale ndithu poti yomaliza ndi 2.5.8.0 ya mu 2013 koma ikugwirabe. Mumapanga ISO kuchokera ku disiki, kenako mumasankha Verify, iyo imawerenganso disiki sekita ndi sekita, ndiye kuti kachigawo ndi kachigawo, iliyonse ma byte 2048, n'kumayerekeza ndi ISO ija. Pomaliza imalemba mu log, ka lipoti kake, ngati zagwirizana, ndiye log imeneyo muziwerenga abale, osangomva kanyimbo komaliza kaja n'kutulutsa disiki. Kwa munthu amene safuna zolembalemba ma command iyi ndi njira yomwe ndingamuuze kuti ayambire, imangowonjezera mphindi zingapo. Samalani chabe komwe mukuidawunilodi chifukwa ma installer ena amabwera ndi zinyalala. Kufooka kwake n'kwakuti ndi dilaivi yomweyo ikudzichitira umboni yokha.

Apa ndi pomwe pamabwera checksum, ena amati hash, ndipo ndikhalitsapo pang'ono chifukwa ndi pomwe anthu amasokonezeka. Ganizirani ngati kudinda chala. Pulogalamu imawerenga fayilo yonse kuyambira byte yoyamba mpaka yomaliza n'kutulutsa mzere wa manambala ndi zilembo, ndipo mukangosintha kachinthu kamodzi m'kati mwa ma GB anayiwo mzere wonse umasinthiratu, osati pang'ono, wonse. CRC32 imatulutsa zilembo 8, MD5 imatulutsa 32, SHA-256 imatulutsa 64. MD5 ndi yakale, anaipanga Ronald Rivest mu 1991, ndipo akatswiri a zachitetezo anaisiya chifukwa munthu wofuna kupusitsa atha kupanga mafayilo awiri osiyana okhala ndi chidindo chimodzi. Koma ife mdani wathu si akuba a pa intaneti, ndi fumbi ndi fulashi yotopa, ndiye MD5 ikukwanira. Ine ndimagwiritsa SHA-256 chabe chifukwa pa hard drive ya USB chomwe chimachedwetsa ndi chingwe osati masamu, ndiye palibe chomwe ndikutaya.

Chosangalatsa n'chakuti simufunikanso bandulo, Windows ili nazo kale. Mu Command Prompt, kawindo kolembamo ma command, mumalemba certutil -hashfile ukwati.iso SHA256, kapena mu PowerShell Get-FileHash ukwati.iso, ndipo amene muli ndi 7-Zip ingodinani kumanja pa fayilo muona pomwe palembedwa CRC SHA. A Linux, sisitimu ina yogwira ntchito ngati ya Windows, ndi sha256sum basi. Ngati mafayilo onse awiri muli nawo pompo, fc /b imawayerekeza mwachindunji n'kukuuzani pomwe akusiyana, koma ubwino wa chidindo ndi wakuti mzere umodziwo mutha kuusunga mu ka fayilo ka Notepad, kapena kuutumiza pa WhatsApp kwa achimwene ali ku Johannesburg omwe munawatumizira kope, iwo n'kuona okha ngati yawo ikufanana ndi yanu popanda kutumizirananso ma GB.

Koma tamvani apa. Chidindo sichidziwa kuti fayilo ndi yabwino, chimangodziwa kuti sinasinthe. Mukakopera disiki molakwika kenako n'kudinda chala, ndiye kuti mwasainira zinyalala, ndipo zaka zisanu zikubwerazi chidindo chidzakuuzani monyadira kuti zinyalala zanu zidakali momwemo. Ndi zomwe ndinachita ine poyamba, ndinali ndi ka fayilo kodzadza ndi ma SHA-256 ndikudzimva ngati katswiri, pomwe ISO ya achemwali inali yobowoka kuyambira tsiku loyamba. Kuti chidindo chiyankhe funso loyamba lija, muyenera kuwerenga disiki kawiri, makamaka pa madilaivi awiri osiyana, ya mu laputopu ndi ina yobwereka ya USB, n'kupanga ma ISO awiri, kenako kuyerekeza zidindo. Zikafanana, mtima ukhale pansi. Iyi kwa ine ndiyo njira yolimba kwambiri yomwe munthu wamba angaikwanitse, mtengo wake ndi nthawi kawiri ndi kupempha dilaivi kwa mnzako, zomwe masiku ano si zophweka poti malaputopu atsopano sakubweranso ndi polowetsa disiki.

Ndipo ngakhale pamenepo pali msampha umodzi. DVD ili ndi njira yake yodzikonzera zolakwika m'kati, sekita iliyonse ili ndi kachizindikiro kodziyesera, ndiye nthawi zambiri dilaivi imakupatsani sekita yolondola kapena imanena kuti yalephera, siikonda kunama. Amene amanama ndi mapulogalamu. Ambiri ali ndi ka bokosi kakuti Ignore read errors, ndipo anthu amakachonga chifukwa chotopa ndi disiki yokana, ndiye pulogalamu ikafika pokalika imangothira maziro n'kupitirira, pomaliza n'kulemba kuti zatheka. Mukachita zimenezo kawiri pa malo omwewo okalika, ma ISO onse awiri akhala ndi maziro pamalo amodzi ndipo zidindo zifanana bwinobwino. N'chifukwa chake ndikuti log muziwerenga.

Pa disiki yokalika kwenikweni, yoti mukudziwa kale kuti siidutsa, palibe chomwe chimaposa GNU ddrescue. Ndi ya Linux, koma mutha kuyatsa Linux kuchokera pa fulashi osakhudza Windows yanu. Chomwe imachita n'chakuti imayamba yatenga malo onse osavuta, kenako n'kubwerera ku ovuta aja kukalimbana nawo pang'onopang'ono, ndipo imasunga mapfile, ngati mapu oonetsa sekita zomwe zawerengedwa ndi zomwe zakanika. Ndiye simukungouzidwa kuti zatheka kapena zakanika, mukuuzidwa kuti pasowa ma KB angati ndipo ali pati. Magetsi akathima mumapitiriza pomwe munalekezera, zomwe kwa ife a kuno si nkhani yaing'ono. Mutha kusinthanso dilaivi n'kupitiriza ndi mapu omwewo, chifukwa pomwe dilaivi imodzi yakana ina imatha kuwerenga. Ndipo ngati studio inabena makope angapo ofanana kuchokera pa ISO imodzi, imodzi ili kwa apongozi ina kwa ankolo, mutha kudzaza mabowo a disiki iyi ndi disiki inayo, bola zikhale zofananadi osati zochokera pa ma ISO osiyana. Kuipa kwake ndi kwakuti imafuna kuleza mtima, ikhoza kukhala usiku wonse dilaivi ikungolira.

Nanga amene simusunga ISO, mumasintha kukhala MP4 kapena MKV kuti ziziseweredwa pa TV ndi pafoni? Apa iwalani zoyerekeza chidindo ndi disiki, sizingafanane olo pang'ono. HandBrake imaphikanso vidiyo yonse kuti ichepe, ndiye fayilo yotulukayo ndi chinthu chatsopano, ndipo zina zimatayika dala. MakeMKV siiphikanso, imangochotsa vidiyo ndi mawu m'mbale ina n'kuika m'mbale ina, koma mbaleyo ndi yosiyana, ndipo ngakhale mutakopera kawiri disiki yomweyo zidindo za ma MKV awiriwo zitha kusiyana chifukwa cha tinthu tolembedwa kumutu kwa fayilo, vidiyo ili yofanana. Ndiye musathamange magazi. Chomwe chimathandiza pano ndi ffmpeg. Mukalemba ffmpeg -v error -i ukwati.mkv -f null - iyo imawonera vidiyo yonse m'malo mwanu, mothamanga kuposa inu, osagona, n'kulemba pena paliponse pomwe yapeza chosweka. Ikangokhala chete mpaka kumapeto ndiye kuti vidiyo ikuseweredwa yonse popanda chophwanyika. Koma siidziwa zomwe palibe. Ngati mphindi khumi zinadulidwa bwinobwino, kwa iyo zonse zili bwino, ndiye muyerekeze kutalika kwa nthawi ndi kwa pa disiki, komanso chiwerengero cha ma chapter. Ndipo ma DVD ojambulidwa ndi ma recorder a m'nyumba amakonda kutulutsa madandaulo a nthawi pomwe wojambula anaimitsa n'kuyambanso, amenewo si kuwonongeka, pitani pa mphindi imeneyo muone ndi maso.

Maganizo anga pa nkhani imeneyi ndi akuti pa zinthu zosabwerera, ukwati, maliro, mawu a agogo omwe anatisiya, sungani ISO ngati mbewu, MP4 ikhale yodyera. Malo akudula inde, koma ISO mutha kuitsimikizira ndi disiki pomwe MP4 simungathe.

VCD ndi nkhani ina, ndipo kuno zilipo zambiri za m'zaka zoyambirira za m'ma 2000, makwaya makamaka. Vidiyo ya pa VCD inalembedwa m'masekita a ma byte 2324 omwe anachotsamo mbali ina yodzikonzera zolakwika kuti malo achuluke, ndiye siikopereka bwino ngati ISO, pamafunika mtundu wina wa kope, wa mafayilo a BIN ndi CUE, ndipo disiki ikakalika kuwerenga kawiri kutha kukupatsani zotsatira ziwiri zosiyana popanda dilaivi kudandaula. Pamenepa werengani katatu, mutenge ziwiri zomwe zagwirizana. Timadisiki tating'ono ta 8 cm ta m'makamera aja nato tili ndi khalidwe lake, ngati mwini kamera sanapange finalize, kutseka disiki akamaliza kujambula, kompyuta imationa ngati topanda kanthu, musataye, vidiyo ilimo. Ma Blu-ray a 25 GB ndi 50 GB mfundo ndi yomweyi, kungoti chilichonse chimatenga nthawi yaitali. Za mafilimu ogula a kunja okhala ndi loko wa CSS sindilowamo kwambiri, kungoti dziwani kuti lokoyo amatha kupangitsa pulogalamu wamba kunena kuti disiki ndi yowonongeka pomwe ili bwino.

Tibwere ku funso lachiwiri, la kusunga, pomwe chidindo ndi mfumu. Mukatsimikiza kuti ISO ndi yabwino, dindani, sungani mzerewo mu foda yomweyo komanso kwina, ndiye nthawi iliyonse mukasamutsa mudindenso n'kuyerekeza. TeraCopy imachita zimenezi yokha mukaiuza kuti ichite verify pokopera. Kanthu kamodzi kamene ambiri sadziwa, mukangomaliza kukopera n'kuyesa nthawi yomweyo, kompyuta itha kuwerenga zomwe zatsalira mu RAM, memore yake yakanthawi, osati zomwe zalembedwadi pa fulashi. Chitani eject, zulani, lowetsaninso, kenako yesani.

Ndipo mafulashi, abale. Pali ena otchipa modabwitsa olembedwa 128 GB kapena kuposa pomwe m'kati muli kochepa kwambiri, anangowanamiza kuti azionetsa nambala yaikulu. Amalandira mafayilo onse osakana, maina ndi masaizi zikuoneka bwino, koma akadzadza malo enieni aja zotsalazo zimangopita kumphepo kapena zimafufuta zoyamba. Ine ndinagulapo imodzi mtauni, sinditchula pomwe, ndipo kuyerekeza saizi kunandiuza kuti zonse zili bwino. H2testw pa Windows kapena F3 pa Linux imadzadza fulashi yonse n'kuwerenganso, ndiye imaulula kukula kwenikweni. Yesani fulashi isanalandire kanthu, tsiku lomwe mwagula, lisiti ili m'manja.

Chidindo chimangokuuzani kuti zawonongeka, sichikonza. Chokonza ndi PAR2, pa Windows pulogalamu yake yosavuta ndi MultiPar. Imapanga timafayilo tapadera tomwe ndimatitcha zigamba, mukasankha 10% pa ISO ya 4.7 GB zigambazo zidya pafupifupi 470 MB, ndipo tsiku lomwe mbali ina ya ISO idzawonongeke, bola kuwonongekako kusapose zigambazo, imasoka n'kubwezeretsa fayilo momwe inalili byte ndi byte. Ya madisiki enieni ndi dvdisaster, mfundo yake ndi yomweyo, koma zigambazo ziyenera kupangidwa disiki idakali yabwino, ikakalika kale mwachedwa. Zigamba sizilowa m'malo mwa kope yachiwiri, hard drive ikagwa pa simenti zimapita limodzi. Ndipo kope yachiwiri isakhale m'nyumba yomweyo, amene tinali mu Blantyre muno mu March 2023 nthawi ya Freddy tinaona ku Chilobwe ndi ku Soche momwe nyumba yonse imapitira ndi zonse zili m'katimo. Yanga ina ili kwa azakhali ku Zomba, ndimakaidinda ndikapita pa Khisimisi.

Palinso zoyeza thanzi la disiki lenilenilo, ma graph a PI ndi PIF, owerenga zolakwika za pa disiki, a mu pulogalamu ya Nero DiscSpeed, pomwe malamulo a DVD amati PI isapose 280. N'zosangalatsa kwa okonda zimenezo, koma madilaivi ambiri a m'malaputopu sachita, amachita ndi ena ngati a Lite-On akale, ndipo zimakuuzani za disiki osati za kope yanu. Ntchito yake kwa ine n'kungodziwa disiki yoyamba kuipulumutsa.

Ndiye m'katoni muja ndinachita chonchi, ma disiki owala bwino opanda chikande ImgBurn ndi Verify, kuwerenga log, kudinda, basi. A maliro a agogo ndi a ukwati ndinawerenga pa madilaivi awiri n'kuwaikira zigamba. Ya achemwali ija ddrescue inatenga pafupifupi yonse, patsala timasekita tochepa cha kumapeto penipeni pomwe alamu akuvina akulowa mu holo, ndipo dilaivi yanga yafika poti ikangofika pamenepo imangolira n'kusiya. Achemwali akuti kope ina inapita kwa apongozi awo ku Bangwe, ili mu kabati ya mbale pamodzi ndi makadi a ubatizo, ndiye Loweruka ndikukwera minibasi ndi mapfile yanga pa fulashi.